Chipini chanu chapezeka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Musayambe n'kupukusa mutu, ndikudziwa chimene mukufuna kufunsa. Eee, ntchito ndikadali nayo, sanandichotse. Ndine yemwe uja ndinathawa sukulu, uja munkati sangasunge ngakhale nkhuku, koma manje ndili ndi nyumba ku Estates, mpopi pakhomo, magetsi ongodina pakhoma. Ku fakitale ya nsalu ulusi ukaduka pa makina, kapitawo saitana wina, amafuula Jailosi. Ndili ndi kawaya kanga kopinda kunsonga, ndimakowa nako ulusi pa kabowo koti anzanga amachita kutsinzina diso limodzi. Zala ngati zangazi mu Kafue monse mulibe.

Ndayamba dala n'kudzitama, chifukwa zikubwerazi sizokoma.

Chitisiyireni inu pa dziko lino kwabadwa mwana wina, wamwamuna, tamutcha Dalitso. Mphuno ndi yanu, phokoso ndi langa. Zelipa uja munamusiya akukwawa, pano amalankhula ngati wayilesi. Apongozi anu amake Zelipa ali bwino, ndipo kwawo ku Shimabala chimanga chachita chaka chino, atitumizirako ndi maungu omwe.

Dalitsoyu amanyowetsa nsalu ngati mvula ya mu Janyuwale. Lamulungu lapitali mbereko zonse zinali pa chingwe, ndiye amake anatsegula sutikesi yanu n'kutenga chitenje chija munavina nacho ku Boma tsiku la ufulu. Kunsonga kwake kunali mfundo yolimba. Anaimasula ndi mano, ndipo pa simenti panagwa chipini chanu.

Ndinali nditaiwala kuti chinaliko. Kachitsulo koyera kaja ka pamphuno, kamene ndinkati ndi batani la malaya a atate, inu n'kumandithamangitsa ndi tsache uku mukuseka. Atate atapeza ntchito ya njanji kuno munachivula, munati akazi a m'tauni amakuyang'anani pamphuno m'malo mwa m'maso. Kani munachimangirira pamenepo nthawi yonseyi.

Ndinachipukuta pa malaya mpaka chinawala. Zelipa anafunsa kuti n'chiyani, ine ndinachigunditsa pamphuno panga n'kuyamba kuvina monga munkavinira inu, chiuno uku, chigongono uko. Ndinati, "Agogo ako ankavala apa!" Anaseka mpaka kugwa pansi. Kenako ndinachiika pamwamba pa wayilesi n'kutuluka kukapopa njinga.

Tayala lakumbuyo ndisanaliyambe n'komwe, Zelipa anatulukira pakhomo akunyada. "Atate, ndavala ngati agogo!" Pamphuno palibe kanthu, koma akapuma kumamveka kamluzu. Mwana alibe bowo ngati lanu lija, amayi, ndiye anangochilowetsa pa bowo limene anabadwa nalo.

Amake anakuwa, "Tiyeni ku kiliniki, manje manje!" Ine ndinamuyang'ana mwana padzuwa, chipini chikuoneka bwinobwino, chikuwala pafupi pomwepa. Ndinati, "Kiliniki ya chiyani dokotala ali pompano?" Ndinakatenga kawaya kanga m'thumba la ovolosi. Amake anandigwira mkono. "Atake Zelipa, mwana si makina." Bana Chanda oyandikana nafe anasuzumira pa mpanda n'kufuula mosakaniza ndi Chibemba chawo. "Shani uko? Imwe, musamutokose mwana!" Ndinawaseka onse awiri, ndinati aphethire adzapeza ndamaliza.

Ndinamukhazika pamiyendo. Kawaya kanalowa bwino, ndinamva kakhudza chitsulo. Pomwepo Zelipa anadzidzimuka n'kutembenuza mutu. Magazi anatsikira pamlomo. Ndinayang'ananso m'mphuno, chipini osaoneka.

Analira kamodzi kokha, kenako anangoti zii, pakamwa yasaa, kupuma movutikira, maso ali pa ine. Kulira ndikanapirira, koma chete ameneyo ayi. M'makutu mwanga munabwera mawu anu aja: "Jailosi, manja ako amafika mutu usanadzuke."

Njinga inali yophwa, ndiye ndinamunyamula n'kuyamba kuthamanga. Bana Chanda ankafuula kumbuyo kuti asagone chagada chingatsikire kukhosi, ndiye ndinamugwira choweramitsa, magazi akudonthera pa nsapato zanga. Amake ankatitsatira opanda nsapato, Dalitso kumsana m'chitenje chanu chija. Anthu ochokera ku tchalitchi ankangopatuka. Njira yonse dzanja langa linali pachifuwa pake, kumvetsera ngati chikukwera n'kutsika.

Ku kiliniki tinapeza ba Sisita, mayi wachikulire wa magalasi. Anaunika ndi tochi nthawi yaitali. Kenako anati chalowa kwambiri, chikatsikira kuchifuwa ndiye kuti ndi ku Lusaka, koma galimoto ya kiliniki yapita kale ndi wodwala wina. Anatiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndani watokosa muno? Mwana yekha sangadzicheke chonchi." Amake anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndi ngozi chabe, ba Sisita." Ine, ndi pakamwa ponse paja mumapadziwa, sindinatulutse liwu.

Ba Sisita anatseka mbali inayo ya mphuno ndi chala, n'kuuza amake kuti aphimbe kamwa la mwana ndi kamwa lawo, auzire kamodzi mwamphamvu. Anauzira, palibe. Anauziranso, mwana anatsamwa, maso tuzu, timiyendo tikupalasa pa bedi. Ndinatsamira khoma. Ndinakuitanani mokweza, amayi, pamaso pa anthu onse anali pa benchi paja, sindikudziwa ngati munamva. Ba Sisita anati, "Kokani mpweya wambiri, mayi, musamumvere chisoni." Amake anapukuta misozi, anawerama, anauzira ndi mphamvu zonse. Ndinangomva kuti ngwee m'mbale yachitsulo. Chipini, mamina ndi magazi. Zelipa analira kulira kwenikweni, kokweza, ndipo nyimbo yokoma kuposa imeneyo sindinaimvepo.

Ba Sisita anachitsuka, anachitembenuza pa chikhatho, nati amayi awo ku Petauke anali nacho chonga chomwecho. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire. Anandidutsa n'kupereka kwa amake.

Musadandaule, mdzukulu wanu ali bwino. Mphuno yaphwa, akudya, akuimba, dzulo wamenyana ndi mwana wa bana Chanda. Koma ine ndikabwera kuchokera ku shifiti n'kutambasula manja kuti ndimunyamule, amaphimba mphuno n'kukabisala kumbuyo kwa amake. Ndayesa kuvina, ndayesa kulira ngati sitima, ndayesa kuyenda ngati kapitawo wathu wa mimba uja. Amaseka ali patali. Ndikasendera, amathawa. Amake sanandinenepo kanthu, madzi osamba amandiikira monga mwa masiku onse, ndipo bola akanandikalipira.

Kwa ba Sisita ndinakhala chete, koma kwa inu sindingathe. Chipini chija chinali pafupi, amayi, ndinachiona ndi maso anga. Chikanatuluka n'kufwenthetsa chabe. Amene anachikankhira mkati ndi kumucheka mwana ndine, ndi zala zomwe zija ndadzitama nazo pamwambapa. Akazi awiri anandiletsa, ine ndinaseka.

Kawaya kaja ndakasiya ku fakitale, m'nyumba muno sikadzalowanso. Chipini amake achimangiranso kunsonga kwa chitenje chanu, mfundo yake ine sindikhudza. Zelipa akadzakula tidzamupatsa, avale kaya asunge, ndipo ndidzamuuza ndekha chimene chinachitika. Pakali pano ndizikhala pansi pakhomo madzulo aliwonse, manja kumbuyo, mpaka adzabwere yekha kudzakhala pamiyendo panga. Ndakulonjezani, sindimufulumizitsa.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Jailosi