Buku lomwe ndinapatsa achemwali

Lolemba, 6 Meyi

Sukulu yachisanu ndi chitatu. Fumbi, msana kuwawa. Ntchito yomweyomweyo: mwana kutsogolo kwanga, pepala la nkhani, wotchi m'manja. Mphindi imodzi, ndilembe mawu amene wawerenga molondola. Ambiri asanu, asanu ndi awiri. Wina wangondiyang'ana mpaka wotchi kulira.

Akuti kafukufukuyu aonetse ngati mabuku atsopano akuthandiza. Sukulu zina zinalandira, zina zidikire zaka ziwiri kuti tiyerekeze. Anachita maere. Yomwe amaphunzitsa achemwali inagwera kodikira.

Lachitatu, 8 Meyi

Kusukulu kwa achemwali. Kungolowa m'kalasi, mtima myuu. Makoma onse makatoni, nkhani za m'buku lathu zokopera pamanja. Ndi buku lija ndinawapatsa mobisa chaka chatha. Paja anandipanikiza: "Iwe, ana angawa adikire zaka ziwiri? Ukufuna adzaphunzire kuwerenga atamera ndevu?"

Ana kuwerenga ngati wailesi. Kamtsikana kena kogweluka mano akutsogolo, mawu 43. Ndinasangalala, kenako mantha.

Lachisanu, 10 Meyi

Abwana aona manambala. "Sukulu yopanda mabuku kuposa zamabuku? Kapena wotchi yanu inagona?" Ndaseka nawo. Lamulo ndikulidziwa: sukulu yopezeka ndi buku nthawi isanakwane imachotsedwa m'kafukufuku, mabuku olonjezedwawo osadzawaonanso. Ana mazana anayi. Chifukwa cha ine.

Akuti ndikayezenso Lolemba.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndawaimbira achemwali kuti amatule makatoni. Iwo: "Makatoni ndimatula, nanga za m'mitu mwa ana ndimatula ndi chiyani?" Tinakangana. Pomaliza avomera kuwauza anawo kuti aziwerenga mwachibwibwi. Mphunzitsi kuphunzitsa ana kulephera. Ndatopa, ntchitoyi yandikwana.

Lolemba, 13 Meyi

Makoma mbee. Achemwali osandiyang'ana n'komwe. Ana ayesetsa, kukoka mawu ngati sakuwadziwa, ena kudzitsina kuti asaseke.

Kamtsikana kaja kanayamba bwino, kujejema mzere woyamba. Nkhani itakoma kanaiwala zonse, liwiro mpaka wotchi kulira. Mawu 47. Kanandiyang'ana, kudikira kuti ndikayamikire.

Ndinalemba 9.

Kanasuzumira pepala langa. Ndinaiwala kuti manambala nawonso kamatha kuwerenga.