Tiyi wa ku Limuru

Nairobi, Kenya
18 Julayi 2024

Okondedwa Amama,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mhuju, ndiponso kuti bondo lija likukulolani kupita kutchalitchi. Kalatayi ndapatsira a Hezron, omwe akubwerera kumudzi mawa ndi odwala awo. Pafoni sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa inu mumakweza mawu kuti aliyense pakhonde amve nawo, ndi nkhuku zomwe. Chonde muwerenge muli nokha kuchipinda.

Lachiwiri madzulo munaimba foni ya a Kezia, ndipo mutafunsa za ine anakuuzani kuti ndapita kukagula mankhwala. Amama, akulu angawa ananama pofuna kundibisa. Ine sindinali kogula mankhwala. Ndinali kumunda wa tiyi ku Limuru, nditakhala pampando wa khushoni, ndikudya masikono.

M'mawa wa tsikulo adokotala anandiitanira panja pa wodi n'kundiuza zina zimene ndidzakuuzani pamaso. Nditabwerera ndinapeza a Kezia ali m'tulo, diripi ili kumkono. Ndinakhala pambali pawo ndikuwayang'ana mpaka mpweya unayamba kundichepera. Nthawi yomweyo anaimba Isabella wa ku Hewe, uja tinkaphunzira naye kusekondale, yemwe tsopano akugwira ntchito kuno. Anati, "Iwe Temwa, wafota ngati fodya wa m'chigafa. Tiye ukapitidwe mphepo, tibwerako asanadzuke." Musamuimbe mlandu, sanandikoke ndi chingwe. Ndinanyamula chikwama ndekha, osatsanzika kwa nesi, osapempha ndi munthu yemwe kuti andionereko odwala. Foni ndinaizimitsa ndili pamasitepe.

Kumeneko n'kokongola, Amama, ndisakubisireni. Mapiri onse ndi obiriwira, ometedwa bwinobwino, nkhungu ikungoyenda pamwamba ngati ya ku Nyika. Zaka zonsezi ndakhala ndikumwa tiyi osadziwa kuti ndi kachitsamba kolekeza m'chiuno. Anatikhazika pakapinga, patebulo la nsalu yoyera, pafupi ndi alendo ochokera kumayiko ena. Anabweretsa tipoti, timakapu topyapyala toti ukatigwira umayamba wapemphera, ndi mbale zosanjikizana. Munali timabuledi toika nkhaka pakati, tating'ono zedi moti inu mukanati akutimana. Munalinso masikono otentha, jamu ndi keke. Ine ndinathamangira shuga monga mwa mwambo wa kwathu, koma woperekera tiyiyo anandipempha kuti ndiyambe ndalawa wopanda kanthu. Ndinalawa, ndipo kanali koyamba kumva kuti tiyi ali ndi fungo lakelake.

Apa ndiye pali manyazi anga. Ndikanakhala kuti ndinalira patebulopo, kapena kuti sikono inandikanira pakhosi, bwenzi ndili ndi podzitetezera. Koma ndinasangalala. Ndinaseka ndi Isabella mpaka kutuluka misozi, ndinavula nsapato n'kuponda kapinga, ndinaonjezera tiyi, kenako ndinaonjezeranso. Masana onsewo sindinamve fungo la mankhwala, ndipo dzina la a Kezia silinabwere m'mutu mwanga ndi kamodzi komwe. Ndinaiwala kuti ndine gadiyani.

Pobwerera tinakodwa mumdipiti wa magalimoto, moti ndinafika nthawi yoona odwala itatha. Ndinapeza a Kezia atayang'ana kukhoma, atafunda chitenje chimene sindinachidziwe. Mwini wake anali mayi wina wa konkuno, amene akudwazika mwana wake pabedi loyandikana nafe. Anandikokera pambali n'kundiuza. A Kezia atadzuka anandiitana kangapo. Ataona kuti kuli zii, ananyamuka okha kupita kuchimbudzi akukoka chitsulo cha diripi. Sanafike. Anagwera pakhomo, ndipo anadziyipitsira pomwepo, wodi itadzaza ndi alendo, amuna omwe.

Mukuwadziwa a Kezia, Amama. Mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale kwa oyandikana nawo nyumba sapita opanda duku. Anadzutsidwa ndi kusambitsidwa ndi mlendo amene samvana naye bwino chinenero, mng'ono wawo ali kalikiliki kupaka jamu. Mayiyo sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Akale aja ananenetsa kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Ndiye inu munaimba patangopita kanthawi, iwo tsitsi lisanaume, n'kukuuzani za mankhwala zija.

Ndikukumbukira tsiku losankha gadiyani. Achimwene a Manasseh anati apite alamu a Judy, chifukwa Temwa sakhalitsa pampando. Inu munaimirira n'kunena kuti mwana wanu mukumudziwa. Mawu amenewo akundiwotcha tsopano.

Tsiku lotsatira lonse a Kezia sanatchule za nkhaniyi. Ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta, iwo n'kumangoti "yewo" ngati akuthokoza nesi. Lero masana, ndikuwapesa, anafunsa osatembenuka.

"Tiyi wake anali bwanji?"

Ndinasiya kupesa. Sikono ina imene ndinawatengera inali itaphwanyikira m'chikwama, ndipo iwo anaiona pofunafuna foni yawo. Zina zonse anawauza ndi Isabella, atamuimbira.

"Anali wozizira, akulu," ndinatero. "Wosakoma n'komwe."

"Utesi! Chiyambire uli mwana sudziwa kunama. Khala apa undiuze bwinobwino."

Ndinagwada n'kuyamba kupepesa, koma anandidula. Anati kupepesa kwanga alibe nako ntchito, ndipo za pakhomo paja sakufuna kuzimvanso mpaka kalekale. "Mkamwa mwangamu chilichonse chimamveka ngati dzimbiri," anatero. "Iwe wamwa tiyi wabwino, ndiye ukufuna undimane ndi nkhani yake yomwe?"

Ndinawauza zonse, Amama: nkhungu, kapinga, timakapu, jamu, mpaka nkhaka zija. Anatsinzina n'kumamvetsera. Ndikafulumira ankati, "Pang'onopang'ono, bwerera pa sikono." Pa nkhaka anaseka mpaka kutsokomola. Sindikudziwa ngati kumeneko n'kukhululuka. Chitenje cha mayi uja ndachichapa n'kubweza, koma mayiyo sindinathebe kumuyang'ana kumaso.

Ngati mukuona kuti alamu a Judy abwere adzandilowe m'malo, sindikana, ndipo achimwene musawabisire chifukwa chake. Koma ngati n'kotheka, ndisiyeni ndimalize ntchito yanga. Sikhalanso yaitali monga tinkaganizira, chifukwa adokotala akuti atitulutsa posachedwa, ndipo akuti zotsalazo ndi bwino zikachitikire kunyumba, pakati pa abale.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa Thumbiko ndi Nelly, muwauze kuti amayi awo a Kezia akufunsa ngati akuwerenga. Amayi a Umanyano muwathokoze chomene chifukwa cha mapemphero, koma muwapemphe asiye kunditama m'tchalitchi.

A Kezia akupereka moni, ndipo andituma mawu awa. Makapu a maluwa aja mumasunga m'kabati podikira abusa, akuti muwatulutse. Akuti tikafika tidzakhale panja pa kapinga wanu wosamera uja, muyale nsalu yoyera, timwe tiyi masana ngati anthu opanda chochita, ndipo ine ndidzakhale woperekera. Ndawalonjeza. Chonde, Amama, makapuwo muwatsukiretu sabata ino, musadikire Khirisimasi.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Temwa