Nyimbo Yanu ya Kumanda Yafika ku Karen

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno ku Utawala, mu Nairobi, ndilipo, fumbi ndi lomwe lija, nyumba zosanja zikungomera ngati bowa, madzi okha ndi amene sakumera.

Zakumudzi ndimamvera amalume pa foni, choncho muzichotserako theka. Iwo akuti chaka chino akolola ngolo zisanu, mng'ono wanga Esinati akuti zitatu, yachitatuyo yosadzaza. Esinatiyo wachira, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, ndipo akalira a nyumba yachitatu amatseka mawindo, ndiye mawu anu aja sanapite pachabe. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, amalume alitsindika ndi njerwa n'kunena kuti akonza. Chiliza chanu tikumanga mu Seputembala.

Koma chimene ndatengera cholembera ndi mzime wanu Yamikani. Musadzidzimuke, sukulu akupitabe, ndipo kachipinda kake ku Pangani amakasesa akamva kuti ndikubwera. Vuto ndi lakuti walowa bandi ya jamu.

Ndikufotokozereni. Jamu amene inu mumamudziwa ndi uja tinkapaka pa buledi pa Khirisimasi. Kuno jamu ndi magalimoto akathinana pamsewu mpaka dalaivala kuzimitsa injini n'kugula chimanga chootcha pawindo. Tsopano pali jamu wachitatu: anthu asanu akuluakulu, ena a ndevu zawo, amakwera pa siteji osapangana kuti aimba chiyani. Wina amayamba, anzake n'kumamulondola, ndipo zikasokonekera amati ndiye zakoma. Onse atatuwa ndi omata ndipo sapita patali. Inu amene munkabweza amayi a kwaya kanayi chifukwa cha liwu limodzi lopotoka, mukadamva zimenezi mukadafunsa kuti pulakatisi yatha liti. Ayi, Amayi, pulakatisiyo ndiye konsati.

Lamulungu lapitali masana ndinapita kukaonera, poti anandichonderera milungu itatu. Ku Karen, dera la anthu olemera, kulibe woyenda pansi, ndiye ndinakwera maminibasi awiri amene kuno amati matatu, kenako njinga yamoto. Malo ake ndi kuseri kwa nyumba ya munthu, bwalo lalikulu kuposa munda wathu wa kudambo, hatchi ikusuzumira pa mpanda. Mipando kunalibe. Anthu olemera anakhala pa mitolo ya udzu, womwe kwathu timapatsa ng'ombe, ambiri atavula nsapato. Inu munkadumpha chitenje chatsopano kuti ife tivale nsapato, osadziwa kuti chitukuko chikafika pachimake munthu amazivulanso.

Anayamba. Wa ng'oma anagogodagogoda ngati munthu wofufuza chiswe m'chitseko. Wa lipenga lopindika anatsinzina n'kuliza liwu limodzi lalitali, kenako n'kutsegula diso limodzi kuona ngati taliona. Yamikani anaweramira gitala, tsitsi lili nyankhalala, akugwedeza mutu ngati akuvomera mlandu. Ine ndinakhala phee kudikira kuti amalize kuchuna zida. Patapita mphindi makumi awiri anthu anaomba m'manja. Inali nyimbo yoyamba.

Bambo wina wa ku Kenya konkuno amene ndinakhala naye pamtolo anandigunda ndi chigongono. "Mwamva, mayi? Zidazo zikucheza."

Ndinati, "Kwathu anthu akamacheza chonchi timaitana ankhoswe."

Anaseka poganiza kuti ndikuyamikira.

Zonsezi ndikadapirira. Munkati chitsiru chikamavina usachiletse, ungosuntha mphika. Koma nyimbo yachitatu mwana wanu anasendera pa maikolofoni, n'kutsokomola, n'kuimba kuti, "Tsekulani njira, mlendo akupita kwawo." Anzake anavomera m'Chichewa chothyoka, "Akupita kwawo."

Amayi, nyimbo yanu. Ija munapeka nokha, yoperekezera bokosi kuchoka pakhomo kupita kumanda. Ija palibe ankayerekeza kuing'ung'udza ngakhale potsuka mbale, poopa kuitana zinthu. Wa ng'oma anaiveka kamayendedwe ka m'chiuno, ndipo Karen yense anadzuka pa udzu. Mzungu wina wa mikanda m'miyendo ankazungulira manja ali m'mwamba ngati akuyanika nsalu. Wina ananyamula mwana paphewa, wina botolo. Mayi wina anandiweramira thukuta lili kamukamu, akuti poti ndine wa ku Malawi ndimumasulire. Ndinati ndi nyimbo ya ulendo. Anati, "Eee, ndinamva mumtima, ndi ya tchuthi!" Sindinamutsutse. Ndi tchuthi ndithu, chachitali.

Inatenga mphindi makumi anayi, ndinali kuyang'ana wotchi. Yamikani akaitana, lipenga limayankha. Akaitananso, limba limayankha, kenako gitala ya besi, kenako anthu oledzera. Kangapo konse ndinaona akuyang'anizana ngati anthu onyamula kabati amene sakudziwa poitula, koma wina n'kuyambanso. Pomaliza wa ng'oma anatopa, anamenya chitsulo chake kamodzi, nyimbo n'kufa ngati lole yothera mafuta pachitunda. Anthu anakuwa, ena misozi.

Ndinamupeza kuseri kwa tenti akupukuta gitala.

"Asisi! Mwaimva bwanji?"

"Ndaona kuti maliro a ku Karen amagulitsa mowa."

"Aaa, asisi, musayambe. Tinaiimba mwaulemu."

"Iwe, ulemu wake uti? Mzimayi uja amatsala pang'ono kuthyoka msana."

Anaika gitala pansi. "Koma mukudziwa kuti amayi nawonso ankachita jamu? Njira ikatalika ankawonjezera ndime pompo, kutchula ana a malemu, munda wake, ngakhale njinga yake. Sanaiimbepo mofanana kawiri. Ifeyo tikuchita zomwezo."

Apa digiri yanga ya zamalembedwe inadzuka, poti zaka zonsezi imangodikira mkangano woti ipambane. Ndinati, "Amayi ankadziwa kumene akupita. Kutsogolo kunali bokosi, kumapeto kunali adzukulu atagwira zingwe. Inu mulibe maliro, mulibe manda, mukungozunguliza anthu pa kapinga wa eni. Ngakhale kuimaliza mwalephera."

Ndinkayembekezera kuti akwiya. Iye anangoti, "Eya. Ndiye ndiuzeni, imatha bwanji? Ine sindinaimvepo ikutha."

Amayi, ndinali ndisanaganizepo. Ali mwana sankafika kumanda, paja ana sapitako. Ankaima pa mpanda wa kwathu n'kumamva mawu anu akuchepera kulowera kudambo. Atakula munamutumiza ku sukulu yogonera. Tsiku la maliro anu anali kuno pakati pa mayeso, amaonera pa foni ya Esinati, ndipo netiweki inaduka anthu atangodutsa pa mjigo. Mwana uja wakhala ndi theka la nyimbo moyo wake wonse. Mphindi makumi anayi zija sikunali kudzionetsa kokha ayi, amafunafuna khomo.

Mukuganiza kuti ndinamukumbatira? Mwana wanu wamkulu mumamudziwa. Ndinati, "Kuti ukaigulitse kwa osavala nsapato?" Ndinatembenuka n'kukakwera njinga yamoto.

Lachitatu wanditumizira uthenga. Akuti mwezi wamawa akujambula nyimbozi, ndipo wa lipenga wanena kuti ngati mathero sapezeka apeka ake. Tangoganizani, Amayi, nyimbo yanu kutsekedwa ndi munthu amene amatsegula diso limodzi. Yamikani akuti iye sakufuna, koma m'bandi ali asanu ndipo amavota. Akuti, "Asisi, ingoimbani pa foni, mphindi imodzi yokha." Foni ndinaiponya m'chikwama.

Kwa iye ndikuoneka ngati mlonda wa mwambo, ndipo maonekedwe amenewa akundikhala bwino. Kwa inu sindingabise. Mathero ake si ndime yoti munthu n'kulemba papepala. Bokosi likafika m'manja mwa adzukulu, munkasiya mawu onse n'kuitana malemu ndi mfunda wake. Koyamba amayi a kwaya ankavomera, kachiwiri ankavomera chapansipansi. Kachitatu munkaitana nokha, ndipo panalibe wovomera. Munkaima choncho, anthu onse ali zii, mpaka aliyense amve kuti woitanidwayo sayankhanso. Basi, nyimbo yatha. A jamuwa sadzaipeza ngakhale ataimba mpaka Khirisimasi, chifukwa chiphunzitso chawo chonse n'chakuti mnzako akaliza kanthu umuyankhe. Kukhala chete amakuona ngati magetsi azima.

Ndiye kuti ndimuphunzitse ndiyenera kuitana dzina, ndipo iye sadzandifunsa la munthu wina koma lanu. Tsiku lanu anatsogolera ndi Mayi Nasoko. Ataitana koyamba ndinavomera, kachiwiri ndinavomera, koma asanaitane kachitatu ndinatseka makutu ndi chitenje n'kuyamba kulira mokweza, dala, kuti ndisamve. Anthu anati mwana wamkazi wasweka mtima. Chilungamo chake, ndinachita zomwe akufuna kuchita wa lipenga uja, kupeka mathero angaanga. Lachinayi ndinayesera ndekha m'khitchini muno. Kawiri ndinakwanitsa. Kachitatu ndinatsegula mpope wopanda madziwo n'kumaukalipira.

Choncho ndamulembera m'mawa uno. Ndamuuza kuti pa foni sindiimba, ndipo ku Karen sindipondanso pokhapokha hatchi ija itandiitana yokha. Ndati auze anzake adikire mpaka Seputembala, akakana atuluke m'chisankho chawocho ndi nyimbo ya mayi ake m'thumba. Tidzapita tonse ku chiliza, gitala adzaisiya ku Pangani. Tidzanyamuka pakhomo wapansi, iye akutsogolera ndi ndime zake zonse zimene angapeke, ine ndikuvomera. Tikadzafika ndidzamulanda. Akadzaimva ikutha, achite nayo zimene angathe, ngati adzakhalebe ndi mtima woivinitsa.

Wayankha kuti, "Sawa, asisi." Chiswahili, pa nkhani ngati imeneyi. Mwana ameneyu munamulekerera.

Ndikulonjeza kuti ulendo uno ndidzakuitanani katatu konse, Nangondo, manja ali pansi, ndipo ndidzadikira mpaka ndimve.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamwano uja,

Tiyanjane