Chipewa cha Utsi Chimene Munatijambulira

NASON MVULA
Wokhoma malata wa ku Kalingalinga
Anatisiya pa 19 Juni 1980

Atate, lero zakwana zaka zinayi chichokere inu. Ndawerenga kawiri pa zala, chifukwa mumtima mwanga zikukhala ngati ndi dzana lomweli pamene munatuluka pakhomo mutavala jekete lanu lakhaki, mukuti mukungopita kukabayitsa jekeseni, mubwera dzuwa lisanapendeke.

Ndine Maud amene ndikulemba. Amayi anandituma poti ndatsiriza Fomu 3, anati ndilembe mawu ochepa oti akhale pansi pa chithunzi chanu m'kalata ya mpingo. Mundikhululukire, achuluka. Mukudziwa kuti pakamwa sinditha, ngakhale moni wa alendo ndimayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Papepala ndiye mawu akungobwera okha. Bambo amene amatayipa kalatayi anandiyang'ana kawiri, koma sanadule kalikonse.

Pa chithunzichi mwamanga tayi, mwatseka pakamwa ngati munthu wa mu ofesi. Si inu amenewo. Inu ndi aja munkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pensulo ili kukhutu, misomali iwiri ili pakamwa, mukukhoma ndowa ndi mbaula. Virginia, mng'ono wanga amene munamusiya ali kumsana, amakudziwani a tayiwo basi, ndipo amauza anzake kuti atate ake anali akalaliki. Sindimutsutsa. Ine mpaka lero, masana kukakhala zii, ndikatsamira khoma n'kutsinzina, ndimamva nyundo yanu. Kenako ndimazindikira kuti ndi ya Ba Kapambwe, mnzanu uja munachoka naye limodzi ku fakitale ya ku Heavy Industrial. Yawo imathamanga. Yanu inkamenya katatu n'kupuma, ngati ikumvetsera kuti lata layankha chiyani.

Ntchito imene munkaikonda kuposa zonse inali ya zija munkazitcha zipewa za utsi: lata lopindidwa bwino, lopachikidwa pamwamba pa chitofu, lokhala ndi paipi yotulutsira utsi kudenga. Munkazipangira anthu a kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ulendo wapansi, lata lili pamutu likung'anima mpaka mutakhota. Mukabwerako munkatisimbira za makhitchini oyera ngati chipatala. Munkati madona amasankha chipewa ndi maso, m'mabuku a zithunzi ochokera kunja, koma inu munkayamba mwaitana khukhi, kumuimika pa chitofu, n'kulemba mzere pakhoma pamwamba pa mutu wake, kuti chipewacho chisadzamugunde pamphumi. "Wamene aimilila pamoto ndiye mwine wa chipewa," munkatero. "Ba madamu babwela chabe kununkhiza."

Koma kwathu kuno amayi ankakazinga vitumbuwa vya kumsika m'kakhitchini kathu ka zidina kopanda zenera, makala akasowa n'kusonkha nkhuni. Ankatulukamo misozi ili chuchuchu. "Ba Nason, mwavalika vipewa Kabulonga yonse, ine mukazi wanu nikuuma monga nsomba ya pa waya," ankatero. Inu n'kuseka mpaka misomali kugwa pakamwa. "Mainess, chako sichingapangike mothamanga. Cha madamu nipanga na manja chabe, chako chifunika na mutu."

Tsiku loyeza chipewa cha amayi linafika, Lamulungu lina la mu Juni, titachokera ku tchalitchi. Munaimika amayi pafupi ndi mbaula, duku lili kumutu, mukuwauza kuti asawerame ndiponso asadzitalikitse. Munatola khala n'kulemba mzere pakhoma. Kenako munandiona ndikusuzumira pakhomo. "Iwe Maud, bwela uimilile apa. Mailo uzakula, uzaphika muno naiwe." Munalemba mzere wachiwiri, pansi kwambiri, dzanja lanu lili pamutu panga, likununkha chitsulo. Ndiye munayatsa kansanza, n'kuyang'ana kumene utsi ukufuna kupita. Dzuwa linkalowa m'timabowo ta misomali ta kudenga, tizingwe toyera titaimirira m'khitchini monse, utsi ukukwera pa tizingweto pang'onopang'ono. Tonse atatu tinautsatira ndi maso mpaka kudenga. Ndikalota masana, ndimalota pamenepo.

Mutatero munayala pepala la thumba la simenti pa bondo n'kujambula zipewa zitatu. Choyamba chinali ngati bokosi lomamatira kukhoma, cha kumayadi chenicheni. Chachiwiri chinali chachitali, chopanikiza kumwamba ngati belu la tchalitchi. Chachitatu chinali chotambalala ngati beseni lovundikira. Amayi anafunsa kuti chawo ndi chiti. Munati asathamange, muyamba mwaganiza, ndipo mudzaika chizindikiro pa chimene chikuyenera. Masana onse munakhala nalo pepalalo pansi pa mango, nokha, mukuimba nyimbo ya m'mphuno. Dzuwa litapendeka munalipinda n'kuliika pamwamba pa kabati.

Atate, apa ndiye pali zimene ndalembera.

Pepala lija ndinatenga ndine. Ndinali mu Giredi 7, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti wobwera Lolemba ndi kope losakutira abwerera pakhomo. M'masitolo munalibe pepala, monga mmene munalibe sopo ndi mafuta ophikira. Mmawa wa Lolembalo ndinakwera pa mpando, ndinalitsitsa, ndinadula makona ndi sizasi ya amayi, n'kukutira kope langa la sayansi, zojambula zanu zili mkati kuti zisaoneke. Sindinalitambasule n'komwe kuti ndione, ndinkathamangira belu. Mumtima ndinkati ndikuuzani ndikaweruka, mundikalipira pang'ono, kenako mujambula lina, poti kwa inu kujambula kunali ngati kumwa madzi. Koma tsikulo munabwera mutu ukukupwetekani, ndinati ndinena mawa. Mawa lake munagona masana, chinthu chimene simunkachita. Lachitatu munavala jekete lija. Sabata yotsatira tinakuperekezani kumanda.

Maliro atatha amayi anafunafuna pepala lija. Anatsitsa kabati, anakutumula matilesi, anakhuthula bokosi lanu la zida. Potsiriza anati azakhali Ida, mlongo wanu, ndiwo analitentha pamodzi ndi zinyalala tsiku losesa nyumba pambuyo pa maliro. Azakhali analumbira akulira kuti sanaone pepala lililonse. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka mbale, ndipo mbale imodzi ndinaitsuka mpaka onse anabalalika. Chichokere tsikulo awiriwo amangopatsana moni wapatali pa bwalo la tchalitchi. Kopelo ndinayenda nalo chaka chonse m'chikwama, ndinaphunziramo, ndinakhoza mayeso, anthu n'kumandiyamikira. Kenako ndinalibisa pansi pa katoni ya mabuku akale. Chaka choyamba ndinkaopa mkwapulo. Zaka zinazi ndinkaopa nkhope ya amayi.

Kalingalinga yasintha, simungaizindikire. Misewu akuiwongola, anthu akuumba mabuloko a simenti, nyumba za zidina zikugwa imodzi imodzi. Nafenso taumba athu, aunjikidwa pamene munkakhomera ndowa. Mu Ogasiti kakhitchini kaja kadzagwetsedwa kuti timange ina ya zenera. Ba Kapambwe abwera katatu ndi tepi yawo. "Bana Maud, mukwai, chipewa ni chipewa," anatero ulendo wathawu. "Ine na Nason tinali kudya mbale imozi. Sankhani chabe, bokosi olo belu olo beseni, nimipangile. Utsi siuziba kubelenga pepala." Amayi anapitiriza kutembenuza vitumbuwa, osacheuka. "Nifuna chamene banasankha beve Ba Nason. Ngati kulibe, nizankhala mu utsi wamene banansiyamo." Ba Kapambwe anapinda tepi akupukusa mutu, akuti akazi a Kum'mawa ndi ouma kuposa lata la mgolo, lija limathyola sizasi.

Tinaseka, koma si zoseketsa, atate. Maso a amayi afiira osabwerera. Ulusi wa singano ndimawalowetsera ndine. Ku kwaya amayamba bwino, mawu aja munkati anakukokani pa msonkhano wa ku Katete, koma pakati pa vesi chifuwa chimawadula, n'kumangoyendetsa milomo. Kukiliniki anawauza kuti achoke mu utsi. Iwo anavomera ndi mutu, n'kubwera kudzasonkha moto. Akatsokomola, ine ndimamva ngati kope lija likulemera m'katoni.

Lamulungu lapitali, amayi atapita kukaona wodwala ku Mtendere, ndinalitulutsa. Ndinakhala pansi pa mango. Ndinamasula kona imodzi, ndinapuma, ndinamasula ina. Pepalalo likununkhabe simenti. Zipewa zonse zitatu zilipo, mizere yanu yowongoka ngati mwajambula mmawa uno. Ndinafunafuna chizindikiro chija, kamtanda kapena kuchonga ngati kwa aphunzitsi. Panalibe. Ndinati ndiye kuti ndabisa zaka zinayi chinthu chopanda yankho.

Kenako ndinayang'anitsitsa pansi pa chachitatu, chotambalala chija ngati beseni. Munajambulapo anthu awiri, ang'onoang'ono ngati nyerere. Wina wavala duku, wagwira chipande. Wina ndi wamfupi, tsitsi lake lomangidwa ndi ulusi laimirira ngati minga. Miyeso yonse, utali ndi mulifupi ndi kukula kwa paipi, munalemba pambali pa chimenecho chokha. Sizasi yanga inadula miyendo ya kamtsikanako, koma manambala onse ali bwinobwino.

Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mango unandichokera. Munasankha chachikulu, chodya lata lambiri, choti pansi pake paime anthu awiri osagundana zigongono. Ndipo mmodzi wa awiriwo ndiye anaba pepala. Ndinatsinzina, ndipo ndinaona khitchini yatsopano, zenera lotsegula, amayi akuimba vesi yonse mpaka kumapeto, inu mutatsamira pakhomo, pensulo kukhutu.

Ndayesa katatu kuwauza pakamwa. Ulendo uliwonse ndimafika pa "Amayi", iwo n'kuyankha, ine n'kufunsa ngati nditunge madzi. N'chifukwa chake ndalemba muno. Amayi sanamve zimene ndalemba, ndipo zilembo zazing'ono sangathe kuziona. Anati Ba Kapambwe adzawawerengera mokweza tikabwerako kokalambula pamanda panu. Azakhali Ida ndinapita ndekha ku Chawama kukawapempha kuti adzakhalepo.

Choncho, atate, mundilole nditembenuke pang'ono. Amayi, pamene Ba Kapambwe afika pa mzere uno, pepala lili m'buku lanu la nyimbo, pa tsamba limene mumaikapo kaulusi kofiira. Azakhali sanalitenthe. Azakhali, munalirira mlandu wanga, ine ndili chete pambali panu. Sindikudziwa kuti munthu amapepesa bwanji zaka zinayi. Ndikhala nditagwada pakhomo la khitchini, sindithawa.

Chotsala n'chimodzi, atate. Dzulo ndinalowa m'kakhitchini kaja n'kuima pakhoma, wosavala nsapato. Mizere yanu iwiri ikadalipo, amayi amaizungulira akamazira khoma. Wanga uja tsopano ukundifika paphewa. Wa amayi ndaupitirira ndi zala ziwiri. Tikatsata manambala anu ndendende, chipewacho chidzandigunda pamphumi tsiku lililonse, ndipo mwina ndikuyenera zimenezo. Koma ndidzapempha Ba Kapambwe achikweze pang'ono. Musakwiye kuti tasintha muyeso wanu. Lamulo ndi lanu lomwe, lakuti mwini chipewa ndi woimirira pamoto, ndipo kuyambira tsopano vitumbuwa ndizikazinga ndine, amayi azipuma.

Khoma likamadzagwa, zidina ziwiri za mizerezo tidzazichotsa ndi manja. Ndipo tsiku lina mmawa mukadzaona utsi ukutuluka padenga lathu mowongoka, osakhotera m'maso mwa munthu, mudzadziwe kuti ndi ife.

Amakulirani mpaka lero akazi anu Mainess, mlongo wanu Ida, mnzanu Kapambwe, ndi Virginia amene akuyembekezabe kumva kuti munali ndani.

Malinga ngati pakhomo pano pakuyaka moto, dzina lanu silidzazima.

Ine mwana wanu,
Maud
Kalingalinga, Juni 1984