Bondo la a Chipilala ndi Pakamwa Panga

Lamulungu, 8 Juni

...ndiye atagwa choncho, woyamba kufika ndinali ine, ngakhale ndinachokera kumapeto kwenikweni kwa benchi. A Chipilala, senta wathu wosewera pakati, munthu amene anayamba basiketibolo ine ndisanamere mano, ali thasa pansi pa ringi, agwira bondo. Kugwa kwawoko matabwa a bwalo lonse anabuula. Tinawanyamula anthu anayi, koma kulemera konse kunali mbali yanga.

M'njira akuti, "Wailesi, ukandigwetsa ndikudya wamoyo." Ine ndati, "Madala, mano mudakali nawo?" Anaseka, koma kusekako kunathera m'njira. Masewero taluza.

Lolemba, 9 Juni

Bondo alijambula. Mtsempha waduka. Loweruka tikaluzanso, chaka chino chatithera pomwepo.

Senta wina pa timu pano ndi ine ndekha. Ine! Benchi ija imadziwa matako anga kuposa mmene amawadziwira mkazi wanga, tsopano tisiyane bwino. Ndauza kale wometa, mlonda wa pageti ndi mayi wogulitsa madzi kuti Loweruka abwere adzaone zodabwitsa.

Koma podutsa pa khomo la ofesi ndamva a Kochi akuuza wowathandiza kuti, "Kapena tingoika afupiafupi okhaokha, tizithamanga." Ndiye kuti pakati angaikepo mlamu, mlongo wake wa mkazi wanga, amene amasewera cham'mbali. Munthu wondilekeza m'khwapa!

Lachiwiri, 10 Juni

Pokonzekera lero anandiika mu asanu oyamba. Kudumpha ndadumpha, mpaka ndinaona fumbi la pamwamba pa magetsi. Vuto lili pena.

Tikamatchinga, senta amaima kumbuyo kwa onse, ndiye amaona zonse. Mdani akamabwera kudzaima ngati khoma kumsana kwa mnzako, iwe uyenera kukuwa: "Kumanzere! Kumanja!" A Chipilala akhala akukuwa zaka zonsezi mpaka tinkangoti ndi phokoso la bwalo. Sitinkadziwa kuti ndi ntchito.

Ine mpira ukangoyamba kuyenda, mutu wonse umapita ku miyendo, pakamwa n'kutsekeka. Udzudzu, kamnyamata kathu koyendetsa mpira, kanakaomba pachifuwa cha munthu n'kugwa chagada. Kadzuka kakutikita mphuno: "Wailesi, mabatire atha?" A Kochi nawo: "M'basi sutilola kugona, pano wasanduka nsomba?" Onse kuseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Lachitatu, 11 Juni

Pakati aikapo mlamu. Akukuwa ngati wogulitsa tomato. Ine benchi. Ndakhala, ndaima, ndakhalanso.

Lachinayi, 12 Juni

M'mawa ndafunsa mayi a kunyumba kuti ali mbali iti, ya mwamuna kapena ya mlongo. Akuti, "Aliyense akasewera ine ndawina. Chotsani nsapatozo pa tebulo." Mlamu watumiza uthenga pa foni: "Alamu, ndikubweretsereni pilo wa pa benchi?" Ndamuyankha kuti ine ndikubweretsera makwerero.

Masana mtima sunandilole kukhala, ndapita kwa a Chipilala. Mwendo ausanjika pa mipando iwiri, ndodo zoyendera zili pakhoma. Ndawafotokozera kuti ndikusewera ngati mkango. Akuti, "Udzudzu wandiimbira. Mkango wake wosalira." Ndinangoyang'ana kapeti.

Kenako akuti, "Iwe vuto lako umadikira kuti uone chinthu ndiye utsegule pakamwa. Pakamwa pozizira sipatseguka msanga. Yamba kubwebweta mpira udakali kutali. Nyoza nsapato zawo, nyoza kametedwe kawo, chilichonse. Khoma likamabwera lipeze uli kale pakati pa nkhani." Ndati, madala, kunyoza anthu ndiye sukulu yokhayo imene ndinakhoza. Akuti, "N'chifukwa chake ndikukuuza iweyo."

Potsanzika ndawafunsa kuti abwerera liti. Akuti dokotala wanena chaka. "Pa msinkhu wanga chaka ndi mawu aulemu chabe." Kukhitchini akazi awo anasiya kutsuka mbale. Nthabwala ndinali nayo, koma sinatuluke. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, basi ikundidutsa.

Lachisanu, 13 Juni

Hee! Lero Wailesi yagwira masiteshoni onse! A Kochi anandipatsa mpata pang'ono, ine ndinayamba mpira usanachoke m'manja mwa munthu. "Iwe wa masokosi a agogo, bwera kuno! Mlamu, miyendo imeneyo unabwereka kwa nkhuku? Udzudzu, KUMANZERE!" Kamnyamata kanazemba khoma ngati kali ndi maso kunkhongo. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinati kumanja pomwe kunali kumanzere, kanagwanso, koma amene sanalakwepo aponye mwala.

Mawu anga anamveka mpaka kokwerera basi. Mlamu akuti mlongo wake anakwatiwa ndi sipika. Pomaliza a Kochi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mawa ukuyamba ndiwe, mwana wanga." Basi, nkhani yatha. Jezi ndaisita kawiri. Ndaipachika, ndaitsitsa, ndaiyesa, ndaipachikanso.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulembera m'chipinda chosinthira, kope lili pabondo, ndiye zilembo zikuvina. Kunja anthu adzaza, ng'oma zikumveka m'makoma. Kuchimbudzi ndapitako maulendo osawerengeka. Senta wa adani ndamuona pakhonde, anachita kuwerama polowa pakhomo. Nsapato zake zobiriwira, zonyansa kwabasi. Zikomo Ambuye, poyambira ndapapeza.

A Chipilala abwera ndi ndodo zawo. Angondiponyera botolo la madzi: "Nyowetsa kukhosi."

A Kochi angotuluka kumene. Pa asanu oyamba atchula Udzudzu, atchula ena awiri, atchula mlamu pamalo pake pa kale cham'mbali. Kenako akuti, "Pakati, Wailesi. Ukangokhala chete kamodzi, ndikutulutsa." Mlamu wandimenya khofi pamsana, akuti, "Alamu, musatichititse manyazi pamaso pa mlongo wanga."

Zija ndinalemba dzulo, zoti a Kochi anandigwira paphewa n'kunditcha mwana wawo, ndinangopeka. Dzulo anangoti "tiona," osandiyang'ana n'komwe. Zoti ndikuyamba anena lero, pompano. Wezulo ikulira.