Matabwa Akadali Aawisi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa, mtima nawo watopa.

Ntchito ndikadali pa shopu ya mipando ija, kulemba mauthenga a Chingerezi opita kwa makasitomala. Tebulo langa lili pafupi ndi makina ochekera matabwa, moti pofika madzulo tsitsi limakhala mbuu ndi utuchi ngati ndakalamba kale.

Mukukumbukira mmene munkatikhomerera m'kalasi mwanu kuti polemba Chingerezi tisamasakanize zimene zachitika, zimene zikuchitika ndi zimene zidzachitike? Kuno abwana ali ndi galamala yawoyawo. Thabwa likangodulidwa, amati ndilembe kuti tamaliza. Akuti kasitomala ukamuuza kuti tidzamaliza, amapita kwina.

Sabata yatha mayi wina wa sukulu ya mkaka analandira uthenga wanga woti timipando take tatha. Anabwera ndi lole yahayala, n'kupeza miyendo yokhayokha itaunjikidwa pakona. Sanakalipe ayi. Anangondiyang'ana, n'kufunsa kuti nanga ana akakhala pati Lolemba. Abwana anafulumira kunena kuti vuto ndi Chingerezi changa, ati sindisiyanitsa zakale ndi zam'tsogolo. Ine, mwana wa aphunzitsi! Akalipentala onse anazyolika, wina mpaka kuyamba kupala thabwa lopala kale. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Tsopano pali makabati a kachipatala kena. Abwana akuti mawa m'mawa uthenga upite woti tamaliza, ndipo ndikavuta, atsikana ofuna mpando wangawu ndi ambiri. Matabwa ake ndikuwaona pano, atsamira khoma, akadali aawisi. Mnzanga wopaka vanishi akuti ndizolowere, wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Koma ine Bambo ndatopa nako kung'animako.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Amayi anandiuza kuti mukufuna kuika munthu wa lendi m'chipinda changa chija. Chonde yambani mwadikira, mwezi uno uthe kaye. Mawa ndilemba mmene munandiphunzitsira, kuti makabatiwo tidzamaliza, ndipo zotsatira zake ndikuzidziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wanga. Ameneyo mumuuze ayambe kuchotsa katundu wake pabedi panga.

Ndatha ine mwana wanu wachisamba,
uja munkati sadzalakwitsa Chingerezi.