Mapilitsi Amene Bambo Anasiya

Chisepo, Dowa
9 Malichi 1998

Okondedwa achimwene a Reinford,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tayamba kusoka fodya, koma si chimene ndalembera. M'makalata awiri apitawa ndinakunamizani, ndipo mtima sukundipatsa mtendere.

Mapilitsi otsitsa mafuta m'magazi amene mumatumiza aja, bambo anasiya kumwa mu Novembala. Poyamba ankatsata zonse zimene adokotala a ku Lilongwe ananena pofuna kuteteza mtima wawo: pilitsi limodzi tsiku lililonse, nkhumba ayi, zapachiwaya ayi. Mimba ija inaphwa, lamba anachita kuboolanso. Ndiye mukuwadziwa anthu akwathu, ndipo ndi matipatewa pakamwa palibenso woletsa. Munthu wowonda, womwa mankhwala osatha, kuno amangoti ndi kaliwondewonde basi. Kumapemphero a mphakati anthu anayamba kukhala nawo patali. Pamaliro a malume a Gregorio, bambo atamwa thobwa, chikho chinakwechedwa ndi phulusa iwo akuona. Amayi anasiya kupita kumjigo anzawo alipo.

Tsiku la maliro lomwelo bambo anandipatsa botolo la mapilitsi aja. Anati, "Sunga, Eveline. Mankhwala anji omwa munthu asakumva kuwawa? Mtimawo anauona ndani? Anthu amaona thupi."

Sindinatsutse, achimwene, chifukwa manyazi anandigwira inenso. Nkhumba ndinkakazinga ndi manja angawa, ndipo masaya awo atabwerera ndinasangalala. Anthu anayambanso kuwapatsa moni wa m'manja.

Lachiwiri lapitali, bambo akupachika fodya m'chigafa, anagwira pachifuwa n'kukhala pansi, thukuta lili kamukamu, mkono wamanzere utachita dzanzi. Adokotala aja anatiuziratu kuti zikadzafika pamenepo tisadzachedwe, koma bambo akukanitsitsa kuchipatala. Akuti, "Anthu akangomva kuti ndagonekedwa, anena kuti suja tinkanena." Ndinatulutsa botolo lija, ndinagwada, anangotembenukira kukhoma. Dzulo zawagwiranso ali chikhalire pamkeka. Ndili ndi mantha, achimwene.

Inu amakumverani. Musayankhe ndi kalata, idzachedwa. Bwerani. Mudzandikalipire mutafika, ndidzavomera zonse.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni, ngakhale sakudya kwenikweni. Bambo akudziwa kuti ndikulemba, ndipo akuti ndikuuzeni kuti musade nkhawa, ali bwino, anenepa. Zonenepazo n'zoona.

Ndine mlongo wanu,
Eveline